Nthochi ya ku Joni

Mwambi mumaukondawu, ana inu, unayamba motere. Ku Thekerani kunali a Mulipa, mlimi wa nthochi, munthu woti akanena kuti mbuzi ndi nkhosa, mumangovomera kuti tsiku lipite. Mphwawo Fanuwelo, mwana wa mlongo wawo, amene ankagwira ntchito ku Joni, anapeza mbeta kumeneko, ndipo anaitana amalume akewo kuti akamuyankhulire kwa makolo a mtsikanayo. Popanda pakamwa pa a Mulipa, ukwati panalibe.

A Mulipa atatsika basi ku Joni, mzinda unawalandira ndi phokoso. Nyumba zosanjikizana mpaka khosi kuwawa, magalimoto ngati linthumbu, anthu piringupiringu koma wopatsa mnzake moni osaoneka. Mantha anawagwira ndithu, koma nkhope anaiumitsa kuti gwa.

"Amalume, kuno n'kwa eni," anatero Fanuwelo. "Chimene simukuchidziwa muzindifunsa."

"Ndifunse iwe? Iwe amene ndinkakupukuta mamina? Nyumbazi zatalika kuposa phiri la Mulanje?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye chodabwitsa n'chiyani?"

Pasiteshoni panali masitepe oyenda okha. A Mulipa, akufuna kupita pamwamba, anasankha amene ankatsika. Anapalasa miyendo, thukuta kamukamu, koma ali pomwepo. Fanuwelo atawalozera okwerawo, iwo anati, "Amenewo ndi a anthu aulesi." Anafika pamwamba ali wefuwefu, koma anafika.

Kwa makolo a mtsikana anawakhazika pabalaza. Eni nyumba anapita kukaitana akuluakulu a banja, Fanuwelo n'kutuluka kukathandiza kunyamula mipando. A Mulipa anatsala okha ndi njala ya paulendo. Patebulo panali mbale ya zipatso zonyezimira, pamwamba pake nthochi yachikasu yopanda banga.

Anaitola. Sinkanunkhira, ndipo khoko lake linakana kusendeka. Maganizo odikira kuti afunse anawabwerera, osati ayi, koma anawakankhira kutali. Mlimi wa ku Thekerani afunse za nthochi kwa anthu ogula ngakhale chisoso m'sitolo? Analuma.

Nthawi yomweyo mayi a mtsikana analowa ndi tiyi, napeza mlendo wagwira theka la chokongoletsera tebulo lawo. Anayankhula m'chinenero chawo, Fanuwelo n'kuthamangira kudzamasulira monong'ona.

"Akuti ndi yaphula, amalume. Ndi yongoonetsera. Chonde lavulani."

Kulavula pamaso pa asewere? Bola kufa. A Mulipa anawayang'ana onse m'maso, naponya theka lotsalalo m'kamwa, natafuna modekha ngati munthu amene wakhala akudya zimenezi chibadwire. Kuti zitsike msanga anamwera tiyi wotentha. Apo ndiye anaonjeza moto. Phula linafewa, n'kumata mano ndi nkhama ngati ulimbo.

Akuluakulu anakhala pansi, nadikira kuti mlendo anene chimene wadzera. Fanuwelo anawagunda amalume ake ndi chigongono. A Mulipa anaimirira, nakonza jekete, koma chotuluka m'kamwa chinali "mmm" basi. Anayesanso, anthu anangoona nsagwada zikulimbana zokha. Mtsikana anabisa nkhope m'manja chifukwa cha manyazi.

Bambo a mtsikana anatembenukira kwa Fanuwelo. "Mnyamata iwe tilibe nawe mlandu. Koma ngati wamkulu wa kwanu amadya zokongoletsera m'nyumba asanatilonjere n'komwe, mwana wathu azikadya chiyani kumeneko? Pita, ukabwere ndi nkhoswe ina."

Panjira Fanuwelo analira, ndipo zinali zomvetsa chisoni, chifukwa iye ankamukonda zedi mtsikanayo. A Mulipa ankayenda patsogolo akutokosa mano ndi kamtengo ka machesi. Pakamwa patamasuka, mawu awo oyamba sanali opepesa.

"Pukuta misozi, mphwanga. Anthu olephera kulima nthochi yofewa sangalere mkazi wabwino."

Mpaka kukalamba kwawo ankalumbira kuti Joni ndi mudzi wamba, wongochuluka phokoso ndi zipatso zosapsa. Koma Fanuwelo anali atafotokoza kale zonse kumudzi, ndipo a Mulipa akamadutsa pamsika, amayi ogulitsa nthochi ankagwirana mapewa n'kumati: safunsa anadya phula.