Pepala la Tchipisi ndi Mayi Wosesa Mapazi

Usiku wapitawu ndinalota pepala lokulungira tchipisi likundikalipira, ndipo iwe Zione ukangoseka ndisanamalize ndileka, ukazimvera kwina. Edesi, sendera kuno, ndowayo siithawa, mzere wa pamjigo pano sukuyenda n'komwe.

Koma muyambe mwamva za dzulo, apo ayi musokonekera. Dzulo madzulo ndinagula tchipisi pachiwaya cha a Mateyu, ndiye anandikulungira m'tsamba la buku, osati nyuzipepala ngati masiku onse. Nditamaliza kunyambita mchere ndinaona kuti pali ndakatulo. Mukundidziwa ine ndi ndakatulo. Ndisanasiye sukulu ndinatopa nazo, ana kukuwa pa asembule, kudzimenya pachifuwa ngati atsamwidwa ndi mbatata: "Ine ndine sopo! Ine ndine chimbudzi chaukhondo!" Munthu wabwinobwino, mayi ako anakubala bwino, n'kumalengeza pagulu kuti ndiwe chimbudzi. Koma iyi inali ina. Pamwamba panali dzina, Enelesi Kalipinde, ndipo a Mateyu akuti ndi wamoyo ndithu, anamumvapo pawailesi. Ine ndimayesa alakatuli a m'mabuku onse anafa kalekale. Ndiye ndinawerenga ndi chala, monga mwa masiku onse:

Mayi uja amasesa tambala asanalire.
Sasesa masamba, masamba alibe mlandu.
Amasesa mapazi a munthu amene

Basi, tsamba lathera pomwepo! Zotsala zili kuseri. Ndimati ndilitembenuze, magetsi anangothima. Kandulo amayi anakaniza, ati ndi ya pangozi, ngati iyi sinali ngozi. Ndiye ndinaliika pawindo, mtima uli dyokodyoko. Nanga si miseche imeneyi, anzanga? Mapazi a ndani? Ine ndinali nditagamula kale kuti mayiyo ndi a Nankhoma oyandikana nafe, aja mwamuna aliyense wofika kwawo amati ndi msuweni. Vuto linali limodzi: achemwali anga a Joyisi amalawirira kukoleza mbaula, ndipo pepala lililonse akaliona, makamaka lamafuta, limasanduka chokolezera. Anawotchapo ndi kalendala yomwe abambo anasiya pakhoma chaka chija anapita ku Joni osabwererako.

Ndiye ndagona, ndikuona pepala ladzuka pawindopo, ladzikung'untha mchere, n'kundiloza ndi kona yake.

"Iwe Velina! Wandinyambita thupi lonse, ndiye wandisiya pamphepo? Sukudziwa kuti mbaula ikundisaka?"

"Ingotembenuka ndione kuseriko," ndinatero. "Ndikungofuna dzina basi."

"Kumsana kwa munthu saonako popanda chilolezo. Chilolezo amapereka kusukulu."

Ndiye lalumpha pawindo, ine pambuyo, ndili chosavala nsapato. Ndikucheuka, mbaula yathu ija ikutitsatira, ikuyenda ndi timiyendo take ngati galu wachiwewe, ikutsokomola utsi. "Mundisiyireko kamzere kamodzi, abale," ikutero. "Makala a masiku ano ngonyowa."

Mwadzidzidzi tili m'minibasi, koma okwera si anthu, ndi mawu. Kutsogolo kwakhala Chitukuko, wonenepa, wavala suti, watenga mipando iwiri. Pambali pake Umodzi ndi Tsogolo Lowala akupakana pafyumu, kununkha minibasi yonse. Timawu ta papepala langa, Tambala, Masamba ndi Mapazi, atipanikiza kumbuyo pamwamba pa tayala. Minibasiyo ikudziitanira yokha: "Anayianayi! Ndime iliyonse anayianayi! Inu a Mapazi, nyamulani mnzanuyo pamiyendo!" Chitukuko anatembenuka, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuzala. "Kodi ndakatulo yakoyo ine ndilimo?" Ndinati ayi. Ndiye anatsonya, ati ndiye si ndakatulo imeneyo, ndi zosesa.

Ndiye chitseko chagwa chokha, tapezeka pabwalo la sukulu yathu yakale. Tenti, mipando yapulasitiki, mpikisano wa ndakatulo uli m'kati. A hedi aja, a Gwaza, aimirira kuti apereke moni. "Olemekezeka mlendo wathu wolemekezeka amene sanafike, olemekezeka akazi awo amene sanafikenso, olemekezeka mpando umene adzakhalepo..." Akutchula, khosi likufiira, likulendewera, jekete likufufuma, ndipo pofika kwa olemekezeka mlonda anali atasanduka nkhukundembo yeniyeni, mchira tasa, ikungozungulira pamalo amodzi. Palibe anadabwa. Ine ndinati m'mtima, ndimadziwa kale.

Ana afola kudzalakatula. Woyamba wadzimenya pachifuwa: "Ine ndine njerwa!" Pomwepo wasanduka njerwa, aphunzitsi amunyamula kukamangira kalasi. Wachiwiri: "Ine ndine mtengo, musandidule!" Wamera masamba, anthu athamangira kukakhala pamthunzi pake. Wachitatu anali Limbikani, uja amakufuna iwe Edesi, usakane. Wakweza dzanja kumwamba, maso tong'o: "Ine ndine chimbudzi chaukhondo!" Anzanga, zinachitikadi, ndi chitseko chomwe, ndipo alendo anayamba kufola pakhomo pake.

Mwadzidzidzi njinga yamoto yalira, bwana wa zamaphunziro wochokera ku boma wafika, dzuwa litapendeka kale. Povula chipewa cha njingacho tinaona nyanga. Mbuzi, anzanga, tonde weniweni, koma tayi ili pakhosi. Ndiye wakhala patebulo la oweruza, amubweretsera ndakatulo za ana, iye kugamula kwake ndi kutafuna. Akatafuna n'kutsinzina. "Iyi ili ndi phunziro, ikumveka kummero. Iyi yatchula mlendo wolemekezeka kawiri, yakoma."

Pepala langa linandibisalira kumiyendo, likunjenjemera. Ine ndinapita ndithu, n'kugwada pang'ono ngati mwana wamwambo. "Bwana, ndikupempha chilolezo chowerenga kuseri."

Tonde uja analinunkhiza. "Hmm. Mafuta ogwiritsa kale ntchito. Phunziro lake n'chiyani? Ikutiphunzitsa kusesa?"

"Ayi bwana."

"Nanga tsache likuimira chiyani? Boma? Mabungwe? Masamba akuimira achinyamata?"

"Masamba ndi masamba, bwana. Koma mayiyo ndi a Nankhoma!"

Ndisanatseke pakamwa, a Nankhoma atulukira pansi pa tebulo, asuweni awo onse atandandalika kumbuyo, aliyense ndi njinga yake. "Iwe mwana wa pakamwa ngati dengu lobooka! Unandionapo liti ine ndikusesa? Funsa aliyense pano!" Gulu lonse linavomera pamodzi ngati kwaya kuti zoonadi, pakhomo pa a Nankhoma tsache silinapondepo chibadwire, makoko a nthochi a chaka chatha akadali pomwepo. Ndiye miseche yanga yonse yagwa. Ngati si iwowo, ndiye ndani?

"Alakatule!" nkhukundembo inatero. "Ndakatulo ikakhala chete timadziwa bwanji kuti ilipo?"

Andipatsa maikolofoni, nayo yamwano. "Kuwa, iwe," ikundinong'oneza. "Tukula dzanja, ponda pansi, lira pang'ono kumapeto, oweruza amakonda zimenezo." Ndiye ndakoka mpweya, ndadzimenya pachifuwa, ndakuwa: "MAYI UJA AMASESAAA!" Anzanga, mawu onse papepala anabalalika ngati nyerere ukazithira madzi otentha. Tambala kuthawira pansi pa tenti, Masamba kukwera mwana uja anasanduka mtengo, Mapazi kuthamanga okha opanda mwini. Pepala linatsala mbee, mafuta okhaokha.

"Mwaona?" tonde uja anatero, akukonza tayi. "Ilibe phunziro, ilibe mlendo wolemekezeka, tsopano ilibenso mawu. Ipatseni mbaula."

Mbaula inali itafika kale, yakhala pampando wa akazi a olemekezeka, ikunyambita milomo yamakala. Ndiye ndatsomphola pepala langa, liwiro. Nkhukundembo pambuyo, tonde pambuyo, asuweni a a Nankhoma akuliza mabelu a njinga. Ndikuthamanga koma miyendo ili ngati ndikuponda m'phala. Mwadzidzidzi bwalo lonse lapendekeka, ndatsetsereka, ndagwera m'chiwaya cha a Mateyu, chachikulu ngati bwalo la mpira, chozizira, chopanda munthu.

Ayi, munali munthu mmodzi. Mayi wina wake wakhala pakireti, masilipasi osiyana mitundu, foni yosweka galasi ili pamwendo, akudya tchipisi ndi kamtengo. Si wamkulu kwenikweni, msinkhu wa achemwali a Joyisi kuwonjezerako pang'ono. Pepala litangomuona linadzichotsa m'manja mwanga n'kukadzipinda pamiyendo pake ngati mphaka.

"Ndinu a Enelesi Kalipinde?" ndinafunsa. Ndinakhumudwa, ndisaname. Mlakatuli wopanda ndevu, wopanda mandala, wopanda ngakhale chikwama. Ukakumana naye pamsika ukhoza kumufunsa mtengo wa tomato.

"Ndine. Pepala langali walinyambita bwino mchere."

"Anti, mayi wosesayo ndani? Ndiuzeni, sindiuza munthu."

Anaseka mpaka tchipisi chinagwa pakamtengo. "Iwe? Pakamwa pako panakhalapo chitseko? Khala pansi apa. Werenganso, koma osakuwa. Mawu anga ngamanyazi. Uziwatafuna ngati tchipisi chotentha, kamodzikamodzi."

"Ndiwerenge chiyani? Athawa onse."

"Unawaloweza kale iwe. Sunagone nawo m'mutu?"

Zinalidi zoona. Ndiye ndakhala pansi, ndanena chapansipansi, ndekha. Mayi uja amasesa tambala asanalire. Ndikuona timawu tikubwerera, kamodzi apa, kena apo, tikukwera papepala, kalikonse pamalo pake. Ndipo anzanga, ndinamva kuzizira kwa mbandakucha m'miyendo, fungo la fumbi lonyowa ndi mame, koma papepalapo mulibe kuzizira, mulibe mame, sindikudziwa zinalowera kuti. Nditafika poti masamba alibe mlandu ndinaseka ndekha, ndinabwerezanso, kukomako kunali ngati fupa la nkhuku, ukamaliyamwa m'pamene likutuluka msuzi. Miseche mukuidziwa, ukangoimva imayabwa palilime mpaka ukaitule kwa wina. Iyi ayi. Inatsikira m'chifuwa n'kukhala phee, ndipo sindinkafuna kuti wina aliyense aikhudze.

Ndiye pepala lija, mwamanyazimanyazi, linatembenuka lokha.

anachoka kalekale.
Koma pakhomo penipeni amalambalala phazi limodzi,
kuti akadzabwera asadzasochere.

Ndinawerenga kawiri. Palibe msuweni, palibe njinga ya usiku, palibe womenyedwa. Ndinafuna kukwiya koma mkwiyo sunabwere.

"Tsono dzina, anti?"

"Kaya. Ndinamuonera pawindo la basi, basiyo sinaime." Anandiyang'ana, akupukuta zala pachitenje. "Mwina iwe ukumudziwa."

Ndimati ndiyankhe kuti ine ndimadziwa aliyense m'dera lino ndipo wotero kulibe, mwadzidzidzi mbaula yasuzumira pamlomo pa chiwaya, tonde waikwera pamsana, nkhukundembo yanyamula bokosi la machesi ngati Baibulo. Onse akuimba nyimbo yotsekera mwambo. Ndakumbatira pepala, ndikukuwa kuti dikirani, sindinamalize, ndikufuna ndiwerengenso kamodzi kokha. A Enelesi angodzuka, atola tsache sindikudziwa kuti, ayamba kuwasesa onsewo, tenti, mipando, a hedi, olemekezeka, shwa, shwa, shwa.

Ndiye ndatsegula maso, kunja kusanayere, shwa, shwa ikupitirirabe.

Ndapapasa pawindo, palibe kanthu. Utsi wa mbaula walowa kale m'nyumba. Ndakuwa kuti achemwali, pepala langa! Iwo ali kukhitchini, osacheuka n'komwe: "Lamafuta lija? Layaka bwino zedi, ukagulenso tchipisi lero." Ndiye zimene zinalidi kuseri kwake sindikuzidziwa, anzanga, zija ndi za m'maloto. Tikangotunga madziwa mundiperekeze kwa a Mateyu tikafufuze masamba otsala a bukulo asanakulungire ena, ndipo ukandiseka Zione ndikaulula za iwe ndi wa kabaza uja.

Koma ndisanatuluke ndinasuzumira pawindo kuti ndione akusesa ndani. Amayi. Aweramira pansi, chitenje m'chiuno, tambala wa a Nankhoma asanalire n'komwe. Afika pakhomo penipeni, paja abambo ankaimapo pomanga nsapato, anyamula tsache m'mwamba, adutsa chammbali, n'kukayambira kutsogolo. Tsiku ndi tsiku ndimaziona zimenezi, ine ndimati ndi msana ukuwawawa. Edesi, usandiyang'ane choncho, ndi utsi uja sunachoke m'maso. Ndipo iyi yokha ikangomveka pamsika ndidziwa mlomo wake.

Ndinabwerera pamphasa, ndafunda mutu, ndikungomvetsera. Shwa, shwa, shwa. Kenako zii, pakhomo paja. Kenako shwa.