Mmene Ndinakhalira Wotsiriza mu Fomu 2B

Anzanga, musandione kuseka apa, manyazi sanandithere. Ndaphunzitsa masamu zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, choko chinandidya zala izi, ana amene anadutsa m'manja mwanga ena ndi manesi ku Boma uko, ena akuyendetsa magalimoto awo ku Limbe, ndiye kagalasi kosakwana ndi mbale yomwe kandivule pamaso pa makolo? Asa!

Nkhaniyi inayamba bwinobwino. Sukulu yathu, sekondale yoyendera ija ili kumtunda kwa Mauwa, inalandira matabuleti chaka chatha, muli pulogalamu yophunzirira pa intaneti. Ana amawerengamo, kuyankha mafunso, iyo n'kumawachongera yokha. Ine sindinkazigwira, ndinkangotuma ana kuti katseguleni mutu wakutiwakuti. Ndiye teremu ino eni ake pulogalamuyo anatumiza uthenga kuti aikamo zatsopano, maphunziro ena a masamu, a ulimi, a makompyuta, ndi tinthu tina toti mphunzitsi ndi kholo azidziwa mmene mwana akuchitira. Ahedi athu, Mayi Muhiwa, anatiitana Lolemba nati pakufunika munthu mmodzi aziphunzire zimenezi msanga, chifukwa Lachisanu kubwera makolo ndi alangizi a zamaphunziro ochokera ku Boma kudzaona.

Madamu Jana, mtsikana wangochoka kumene ku koleji, amene amaphunzitsa Chingerezi, anakweza dzanja. Ine ndinamudula pakamwa. Paja ndinapitako ku maphunziro a makompyuta a masiku awiri ku Boma, ngakhale kunena zoona chimene ndinagwira bwino kumeneko ndi nthawi ya tiyi.

"Ahedi, izi zisakuvuteni," ndinatero. "Zamakompyutazi zimafuna mutu wa masamu. Amadamuwa athandize kukonza mipando."

Madamu Jana anangoti, "Chabwino, a Namaona," n'kutsitsa dzanja lake mwaulemu. Bwenzi atandikanira pomwepo!

Lachiwiri masana ndinatenga tabuleti imodzi n'kupita nayo kuseri kwa thanki ya madzi, poti ndi pokhapo pamene netiweki imagwira osachita kuinyengerera. Nditatsegula, panabwera zithunzi ziwiri zoti usankhe polowera, china cha munthu wanyamula buku, china cha munthu waima pambali pa bolodi. Magalasi anga anali atachita nthunzi, dzuwa likuwala pagalasi la tabuleti, ndiye ndinangoti wonyamula buku ndi ndani ngati si mphunzitsi? Ndinadina pamenepo. Inafunsa dzina, ndinalemba Fulaye Namaona. Inafunsa kalasi, ndinalemba Fomu 2B, kalasi imene ndimaphunzitsa. Inafunsa zaka, koma mndandanda wa zakawo unathera pa 25. Munthu wanzeru akanadabwa pamenepo. Ine ndinangowatukwana opanga pulogalamuwo kuti alibe ulemu kwa akuluakulu, n'kusankha 25 yomweyo.

Kenako inafunsa nambala ya foni ya amene amandiyang'anira. Inu mukanalemba ya ndani? Amandiyang'anira ndani ine pasukulu paja? Ndinalemba ya ahedi. Pomaliza chinthucho chinangoti phethi, kundijambula osandichenjeza, ndili chiweramire, mphuno zokhazokha kudzaza chithunzi chonse.

Ndinalowa mu maphunziro atsopano a masamu aja, ndipo panali mayeso a mafunso makumi awiri. Ine sindinafune kuyankha, ndimafuna kungoona kuti kumapeto kumaoneka bwanji, ndiye ndinkangodina paliponse, dinu dinu dinu, osawerenga ngakhale funso limodzi. Masamu amenewo ndimawaphunzitsa ndili chitsinzinire! Nditafika kumapeto panabwera kankhope kachikasu kachisoni ndi mawu akuti: "Wapeza 2 pa 20. Usataye mtima, Fulaye!"

Fulaye! Dzina limene ngakhale akazi anga saliputa, kachipangizo kakunditchula ngati tinkadyetsera limodzi mbuzi. Ndinaizima tabuletiyo mokwiya n'kukaibweza ku ofesi.

M'mawa mwake ahedi anandiitana, foni ili m'manja, nkhope yosaseka.

"A Namaona, ndalandira meseji yodabwitsa. Ati mwana wanga Fulaye sakuchita bwino masamu, ndizimukhazika pansi tsiku lililonse akaweruka. Ine ana anga ndi atsikana okhaokha."

Thukuta linatuluka mpaka m'masokosi. Koma ndinadzilimbitsa, ndinati, "Musadandaule ahedi, ndimayesa ngati mbali ya makoloyo ikugwira ntchito. Mwaona nokha kuti ikugwira."

Iwo anandifunsa kuti, "Mukutsimikiza kuti simukufuna Madamu Jana akuthandizeni?"

"Olo pang'ono."

Mwamva? Mulungu ananditumizira chingwe ndili m'dzenje, ine n'kuchikana. Ndinabwerera kuthanki kuja kuti ndikafufute dzina langa mwakachetechete. Ndinafufuza paliponse, pofufutira osapaona. Ndinadina batani lina lobiriwira, chinthucho chinandiyamikira kuti ndalembetsa maphunziro othandizira ana otsalira m'mbuyo, ndipo phunziro langa loyamba likhala kuphatikiza maapozi atatu ndi maapozi awiri. Ine! Munthu woti ndinachongako mayeso a dziko lonse! Ndinadina lina kuti ndibwerere, linandipatsa nyenyezi imodzi ya khama.

Apa ndiye mutu unaima. Ndinaona kachithunzi ka maikolofoni, pansi pake palembedwa kuti nenani vuto lanu, ndipo ndinati eya, apa ndiye pofikira kwa eni akewo, lero andimva. Ndinadina n'kuyamba kukhuthula. Ndinawauza kuti pulogalamu yawoyo anaipanga ataledzera, kuti amakhala m'maofesi ozizira mu tauni osadziwa kuti kuno munthu amasaka netiweki kuseri kwa thanki ngati akusaka mbewa. Pakamwa patatentha, ndinapitirira malire. Ndinati ahedi athu amangolamula koma tabuleti sadziwa ndi poyatsira pomwe. Ndinati alangizi a ku Boma amabwera kudzasaina buku la alendo ndi kudya mpunga basi. Ndinati makolo Lachisanu adzangogwedeza mitu ngati abuluzi osamva kanthu. Ndipo pomaliza, poti ndinkaganiza kuti ndikuyankhula ndi anthu osandidziwa, ndinaulula: "Ine pano palibe chimene ndikudziwa, ndinangofuna kuti kamtsikana ka Chingerezi kaja kasandipose." Ndinadina potumizira, mtima n'kukhala pansi.

Chimene sindinadziwe n'chakuti kamaikolofoniko ndi kamodzi ka zatsopano zija, koti mwana akakanika funso azifunsa ndi mawu, kalasi yonse ndi aphunzitsi n'kumamva. Opanga pulogalamu sanamve ndi liwu limodzi lomwe. Ndipo poti nditangobweza yangayo matabuleti onse anawatsekera mu ofesi kuti adzaze moto podikira alendo, panalibe amene anazimva msanga n'kunditsina khutu.

Lachisanu linafika. Ndinavala jekete la ukwati, nsapato zopolisha. Holo inadzaza, makolo ochokera ku Mauwa, ena anayenda wapansi kuchokera ku Nchema, ana a Fomu 2 atakhala pansi kutsogolo, alangizi awiri pa tebulo lapamwamba pamodzi ndi ahedi. Tinalumikiza tabuleti ku purojekita kuti zonse zizioneka pakhoma, ndi ku masipika akuluakulu amene tinabwereka kutchalitchi. Ndinayamba bwino ndithu, ndinati makolo athu, dziko lasintha, tsopano mwana waulesi alibe pobisala, makinawa sanama ndipo sakondera. Anthu anaomba m'manja. Ndinabwerezanso kuti sanama, inu, kawiri konse!

Wapampando wa komiti ya makolo, bambo wina wamtali wa ku Nchema, anaimirira. "Aphunzitsi, tamva kuti zikumaonetsa mndandanda wa kalasi yonse, woyamba mpaka wotsiriza. Tationetsani, tione ana athu."

Ndinadina, mndandanda unabwera, mayina ndi zithunzi. Makolo a ana apamwamba anayamba nthungululu. Ndinati basi tathana nazo, koma wapampando uja anati, "Tsikani, tsikani mpaka pansi, aulesiwo tiwaone." Ndinatsika. Ndinatsikabe. Ndipo pansi penipeni, pa nambala yotsiriza, khoma lonse linadzaza ndi mphuno ziwiri zaubweya. Fulaye Namaona, zaka 25, 2 pa 20, ali pa maphunziro a otsalira m'mbuyo, nyenyezi imodzi ya khama.

Makolo anayang'anitsitsa chithunzicho. Kenako mayi wina kumbuyo anafunsa mokweza, "Kodi si aphunzitsi omwewa amenewo?" Holo yonse inaphulika. Ana ankagubuduka pansi. Mmodzi wa alangizi anavula magalasi kupukuta misozi.

Ndinafuna kutseka, ndinaona kachizindikiro pambali pa dzina langa n'kukadina. Anzanga, kanali ka sipika. Mawu anga anatuluka m'masipika a kutchalitchi aja ngati mlaliki wa chitsitsimutso. Za kuledzera kwa opanga pulogalamu anthu anaseka. Zitafika pa ahedi osadziwa poyatsira, kuseka kunachepa. Ndinadina batani la m'mbali kuti ndizime, koma linali lokweza mawu. Za mpunga zinamveka mpaka kumsewu, mlangizi amene amapukuta misozi uja anabwezeretsa magalasi n'kutsegula kope lake. Za abuluzi zitatuluka, wapampando anakhala pansi pang'onopang'ono akundiyang'ana ngati ndamupondera mbewu. Ndinayesa kuiphimba tabuletiyo ndi jekete, ngati mawu akutulukira pamenepo. Ndinaigwedeza. Ndinaiuza kuti khala chete, pamaso pa anthu!

Madamu Jana anachoka pamene anaima kumbuyo, pa mipando imene ndinamutuma kukonza, anayenda osathamanga, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti anachedwa dala, chifukwa anafika mawu anga akumaliza kunena kuti kamtsikana ka Chingerezi kaja kasandipose. Anatambasula chala chimodzi, dinu, zonse zii.

"Pepani a Namaona," anatero motsitsa mawu, "munalowera khomo la ana."

Zotsalazo anafotokoza ndi iyeyo, bwinobwino, mpaka makolo kumufunsa mafunso. Ine ndinakhala pakona ngati thumba la madeya. Lolemba ndinalemba makalata atatu opepesa, kwa ahedi, kwa alangizi ndi ku komiti ya makolo, ndipo kwa Madamu Jana ndinapita ndekha ndi pakamwa. Ndinapempha kuti dzina langa alichotse mu Fomu 2B, koma ati mwana sachotsedwa pakati pa teremu pokhapokha womuyang'anira atavomereza. Ndinapita kwa ahedi. Iwo anati, "Ine poyatsira sindipadziwa, a Namaona, ndiye pochotsera ndipadziwa bwanji? Mwana wanga amalize maphunziro ake." Mpaka pano Lolemba lililonse amalandira meseji, n'kundiwerengera mu sitafu anthu akumwa tiyi.

Ndinapsa mtima, ndinati chabwino, ndikalembanso mayesowo ndipeze 20 pa 20, aone. Ndiye Loweruka ndili pamsika pa Mauwa ndikusankha tomato, mayi wogulitsayo anandigwira dzanja ndi manja awiri, kugwada pang'ono. Anati ndi amake Esinati, mtsikana wa m'kalasi mwanga amene masamu anamukana kalekale.

"Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Chiyambire sukulu mwana wanga sanakhalepo ndi munthu pansi pake. Bambo ake atamva kuti wasuntha anamuphera nkhuku. Ndiye chonde, ndapota nanu, musalimbikire kwambiri. Mukhale pomwepo mpaka titsekere."

Anandiwonjezera tomato atatu a basela, ndipo manyazi ake ndi akuti ndinalandira.

Ndalumbira, anzanga, batani limene sindikulidziwa sindidzalidinanso, kaya likhale lobiriwira kaya likumwetulira. Ngakhale belu la njinga, ndiziyamba ndafunsa kuti likumvekera kuti.