Imfa Yomaliza ya Anti Cecilia

Ku Chilobwe kuno ukafunsa za Anti Cecilia, aliyense akuuza chinthu chimodzi: mayi aja ankakonda kufa. Ankafa pamsika, ankafa pampopi, tsiku lina anafera m'minibasi pa Chichiri mpaka kondakitala anathawira pawindo. Ndipo akafa sankadzuka wamba. Ankangogona pomwepo ali thapsa, mpaka wina awombe m'manja katatu.

Iwo ankati imeneyo ndiyo inali ntchito yawo. Kalekale, ali namwali wochokera ku Nsanje, akugulitsa nthochi ku Limbe, anaonedwa ndi mzungu wina wojambula mafilimu ophunzitsa anthu, aja ankayenda nawo pagalimoto n'kumaonetsa pansalu m'mabwalo a mpira. M'filimu yoyamba anali mayi wosaphitsa madzi akumwa: anafa. Yachiwiri anali mayi wokana kupita kusikelo: anafa. Yachitatu anaoloka msewu osayang'ana. Mafilimu asanu ndi awiri, maliro asanu ndi awiri.

"Anzanga ankangopatsidwa zosesa pabwalo n'kumamwetulira," ankatero. "Koma pakafunika munthu woti afe bwino, ankati itanani Cecilia."

Za m'manjazo linali lamulo la mzungu uja: usagwedezeke mpaka ndiwombe katatu. Akuti tsiku lina akujambula ku Nyambadwe, mzunguyo anapita kukamwa tiyi n'kuwaiwala padzuwa.

"Linthumbu linandikwera mpaka m'khutu. Ndinagwedezeka ine? Mtembo sudzikanda, mwana iwe."

Vuto linali lakuti panalibe wowakhulupirira. Amake Noel, amene amayang'anira mpopi wa m'dera lathu, ndiwo ankatsogolera.

"Filimu yake iti, agogo? Ife taonera zakarate, taonera za ku Nigeria. Inu sitinakuonenimo."

"Agogo ndi amako. Ine ndine Anti. Ndipo nthawi imeneyo iwe unali usanaganiziridwe n'komwe."

"Ndiye tikafunse kumanda?"

Azimayi ankaseka mpaka kutaya madzi. Anti Cecilia ankangogwira pamtima, kuyang'ana kumwamba, kupepesuka kawiri, basi pansi.

Wowomba m'manja nthawi zambiri anali Tamara, mayi wachitsikana amene ankachita lendi chipinda choyandikana nawo. Tamara ndi munthu woti akalankhula umachita kuweramira kuti umve. Koma maso ali nawo. Iye yekha ndiye anazindikira kuti Anti sankafa mwachisawawa. Ankayamba asankha pouma. Ankagwera kumanja, chifukwa bondo lakumanzere linkawavuta. Akugwa choncho, dzanja limodzi linkakokera chitenje kumapazi, duku osagwa, nkhope n'kuloza komwe kuli anthu.

"Osadziwa amangoti phii ngati thumba la makala," anamuuza tsiku lina akusenda mbatata pakhonde. "Imfa imafuna ulemu."

Mwana wa Tamara, Daisy, anaphunzira kuwomba m'manja asanamere dzino. Ankangoti akaona Anti ali pansi, timanja pha pha kumbuyoko.

Pansi pa bedi lawo Anti ankasunga chitini chafulati, chachikulu ngati lichero, chadzimbiri. Ankati muli filimu yoyamba ija, ndipo zaka zonsezi sanachitsegulepo, poopa kuti kuwala kungalowemo. M'mawa wina anagogoda kwa Tamara atavala diresi lamaluwa lonunkha m'sutikesi, milomo atapaka.

"Bereka mwana. Tikupita ku Limbe. Ndamva kuti kuli munthu wodziwa makina ake."

Munthuyo anali a Waziri, bambo wokalamba amene kale ankayendetsa makina oonetsera kanema. Holo imene ankagwiramo ntchito pano amasungiramo matayala, ndipo iwo amakonza mawailesi pakhonde la sitolo ina. Anachilandira chitinicho ndi manja awiri, n'kuchikanula ndi mpeni. Fungo lake! Ngati matimati owola osakaniza ndi viniga. Daisy anayetsemula. Filimu yonse inali itasungunuka n'kuuma, chibuma chimodzi chakuda ngati phula lamumsewu.

"Yafa iyi, mayi," anatero a Waziri.

Anti anayang'ana m'chitinimo nthawi yaitali.

"Tawombani m'manja," anatero, mawu ali pansi. "Mwina idzuka."

Palibe anaseka. A Waziri anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso, n'kuwayang'anitsitsa.

"Taimani kaye. Inu si mayi a madzi osaphitsa aja? Munagwa ndi chikho m'manja?"

"Chinagubuduka mpaka pamwendo pa mbuzi."

"Mbuzi yoyera! Mayi inu! Ine ndisanalowe muholo ndinkayenda ndi galimoto ija. Ndakuphani kambirimbiri ndi manja angawa. Ku Ngabu azimayi analira maliro enieni, ena anazungulira kuseri kwa nsalu kukafuna mtembo kuti ausambitse. Mkazi wanga mpaka lero salola kuti timwe madzi osaphitsa, chifukwa cha inu."

Tsiku limenelo Anti sanafe paliponse. M'minibasi pobwerera anakhala tsonga ngati mkwatibwi, chitini chili pamiyendo. Atafika pasiteji anagwira Tamara pamkono.

"Wamva wekha ndi makutu ako. Ukawauze pampopi paja. Ine ndikanena amati ndapenga, koma iwe sunama."

Tamara anavomera. Ndipo ankafunadi. M'mawa uliwonse ankapita kumpopi mawu atawakonza bwinobwino, koma akangomva kukhosi kwa amake Noel, mawuwo ankabwerera m'mimba. Ankati mawa. Anti sanamufunsenso. Ankangomuyang'ana akamabwera ndi ndowa, iye n'kuzolika. Panatha masabata atatu.

Kenako madzi anasiya kutuluka masiku anayi. Atabwera Lachiwiri m'mawa, mzere wa ndowa unafika kumsewu, aliyense mtima uli m'mwamba. Pakati pa phokosolo Anti Cecilia anagwa.

"Ayambapo!" anakuwa amake Noel. "Lero wina asawombe. Atitopetsa. Agone mpaka njala iwadzutse." Ponena zimenezo maso anali pa Tamara.

"Komanso lero sizinakome," anatero mayi wina akuwalambalala ndi ndowa. "Dzana munafa bwino, Anti. Izi ndiye zachibwana."

Tamara anaona zonse. Anti anali atagwera kumanzere, pabondo lovuta lija. Anagwera m'matope. Duku linali poteropo, imvi zili pamtunda, chitenje chitafika m'maondo, nkhope italoza kukhoma kopanda munthu. Tamara anadziwa. Koma sanawombe. Ndowa inadzaza, inabwera ina. Inadzaza, inabwera ina. Zinakwana zisanu.

Anayamba kuwomba ndi Daisy kumbuyo, timanja pha pha. Apo m'pamene Tamara anawomba katatu. Zii. Anawombanso. Anagwada m'matopemo n'kumawomba pafupi ndi khutu lawo mpaka zikhatho zinatentha, ndipo mpopi unkangothira pansi popanda wotchera ndowa.

Anawanyamula papikapu ya munthu wina wogulitsa makala. Kuchipatala anafika atazizira kale. Panalibe amene analimba mtima kufunsa adokotala ngati kufulumira kukanathandiza.

Pamaliro abale anabwera awiri okha, adzukulu a mchemwali wawo, oti malemuwo sankawadziwa bwino. Itafika nthawi ya mbiri, mkulu wa mpingo anatembenuza kapepala kake uku ndi uku.

"Mayiwa anabadwira ku Nsanje. Anali, eee, anali munthu wanthabwala."

"Sizinali nthabwala."

Anthu anatembenuka kufuna amene walankhula. Anali Tamara, ataimirira pakati pa azimayi, mwana kumbuyo. Anafotokoza zonse, mawu akumveka mpaka kumsewu: mafilimu asanu ndi awiri, chitini, a Waziri a ku Limbe, chikho ndi mbuzi yoyera, azimayi a ku Ngabu ofuna mtembo kuseri kwa nsalu. Ananenanso za ndowa zisanu zija, kuti iye anaona ndipo anakhala chete.

Atamaliza anakhala pansi. Kenako amake Noel anadzuka, maso atatupa, n'kupita pafupi ndi bokosi. Pamaliro sawomba m'manja, aliyense amadziwa. Koma iwo anawomba. Kamodzi, kawiri, katatu. Ndipo khamu lonse, abusa omwe, linayang'ana bokosilo n'kudikira.

Masiku ano pampopi pamangomveka madzi. Munthu akangopunthwa pang'ono, azimayi asanu amakhala amugwira kale, wina akumupepeza ndi chitenje, mwini wake akukana kuti ndili bwino. Chitini chija chili kwa Tamara, pansi pa bedi. Amake Noel anayamba kuphitsa madzi akumwa, ndipo safuna kufunsidwa chifukwa chake.

M'chipinda cha Anti simunalowe munthu. Daisy wayamba kuyenda tsopano. M'mawa amadzandira mpaka pakhomo lotsekalo, n'kuima pamalo ouma paja Anti ankakonda kuferapo. Amawomba timanja take, n'kuyang'ana pansi. Kenako amatembenukira amake, ngati akufunsa kuti walakwitsa pati.