Maliro a Bambo Walter

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma amayi a kutchalitchi kwathu aifalitsa kale mpaka ku Falls Church, ndipo akuithira mchere wambiri. Bola muimve kwa mwini wake, poti manyaziwo ndi anga.

Ndinali nditangotha masabata atatu pa ntchito yatsopano, mu labu ina ku Gaithersburg, kuno ku Maryland. Bwana wanga anali Linda, mzungu wa imvi, wosakonda zolankhulalankhula. Lachitatu lina ndinamupeza ali pa foni, maso ali psuu, akupukuta mphuno. Ndinangotolapo mawu atatu: Walter, coffin, Saturday.

Mtima unangoti myuu! Coffin ndi bokosi la maliro, zimenezo ngakhale mwana wa Sitandade 5 amadziwa.

Atadula foni ndinamuyandikira mwaulemu.

"Linda, pepani kwambiri. Ndamva za a Walter."

"Aa, Walter wakalamba, waona zambiri," anatero akufwenthera. "Amene akundisowetsa mtendere ndi wamng'onoyo, Peanut. Zaka zinayi basi. Akangoona coffin amanjenjemera, safuna n'kuyandikira komwe."

"Nanga mwana wa zaka zinayi angaleke kuopa?"

"Ndiye Loweruka Walter atsogola, iyeyo aone, atsatire. Akakananso, basi, ndimupereka kwa ena. Ndatopa."

Atsatire? Kumupereka kwa ena? Ndinati chamumtima, mayi uyu chisoni chamuzunguza mutu.

"Kodi ndingabwere nawo?"

"Bwera, Grace! Utengenso anzako. Ku farm, teni koloko. Anthu sakonda kubwera ku zoterezi."

Anthu sakonda kubwera! Mawu amenewo anandilasa. Nditangoweruka ndinalemba pa gulu lathu la amayi kuti bwana wanga waferedwa mwamuna, ali yekhayekha ndi kamwana, tiyeni tikamuonetse mmene timalirira kwathu.

Amuna anga anayesa kundigwira. "Amake Tadala, koma mwafunsa bwinobwino?"

"Maliro safuna interview, bambo. Timangopita."

Loweruka tinanyamuka amayi seveni pa galimoto ziwiri, zitenje m'chiuno, maduku akuda kumutu, mapoto a mpunga ndi nkhuku kumbuyo. Wotsogolera nyimbo anali Mayi Zulu a ku Lusaka, amene mawu awo safuna maikolofoni.

Titafika, tinaona mahatchi ponseponse, anthu atavala zipewa zolimba ndi nsapato zofika m'mawondo.

"Ba Grace, manje maliro yabwanji aya?" ananong'ona Mayi Zulu. "Bantu bavala ma helmet!"

"Ndi chikhalidwe chawo, mayi. Tisaweruze."

Ndinafunsa bambo wina pa geti kuti coffin ili kuti. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, kenako analoza kumunsi. "Mutsetsereke, mudutse padziwe paja. Musamale ndi mahatchi."

Tinandandalika pamzere, ine patsogolo ndi nkhata ya maluwa oyera, Mayi Zulu n'kuyambitsa nyimbo ya maliro chapansipansi. Tinadutsa zipika zikuluzikulu zogoneka paudzu, tinadutsa dziwe, mpaka tinaliona: dzenje lalitali, lokumbidwa bwino, matabwa m'mbali. Manda eni eni!

Linda anali pomwepo, atakwera kahatchi kofiira. Kahatchiko kanali katazika miyendo pamphepete pa dzenje, kakunjenjemera, kakupuma ngati injini ya chigayo. Kutsidya kunali mayi wina pa chihatchi choyera, akudikira.

"Ndiye bamfedwa baja?" anafunsa Mayi Zulu.

"Ndi omwewo."

Mayi Zulu anaika manja kumutu, n'kukoka mpweya wonse wa ku Maryland.

"Mayo ineee! Ba Walter mwatisiyaaa!"

Ife tonse n'kupolokezera.

Kahatchi kaja makutu anangoti njoo! Kanatiyang'ana kamodzi kokha, kenako kanangoti jowee, dzenje lija kalidumpha! Kutsogolo kunali chipika china, nachonso jowee! Anthu a zipewa aja anayamba kuwomba m'manja, ena kuimba likhweru. Linda anali atakumbatira khosi la hatchi akukuwa, "Good boy, Peanut! Good boy!"

Peanut.

Kulira kwanga kunathera pomwepo.

Linda anabwerera akuseka, misozi ili mbwee. "Grace! Miyezi iwiri akukana dzenje limeneli! Mwamutani?"

"Linda," ndinafunsa ndi mawu a munthu wodwala, "a Walter ali kuti?"

Analoza chihatchi choyera chija, chonenepa bwino, chikugwedeza mchira. "Ndi ameneyo. Wadumpha zimenezi zaka khumi ndi ziwiri. Iye amatsogola kuti wamng'ono alimbe mtima. Lero n'kutsogola komwe sikunathandize."

"Nanga coffin?"

"Ndi iyi. Chipika, dzenje, chipika. Ndi dzina chabe la malo odumphawa."

"Nanga misozi ya Lachitatu ija?"

"Allergy. Mungu wa mitengo umandipha chaka chilichonse."

Apa m'pamene anaona maduku akudawo ndi nkhata ija. Anaseka mpaka anatsika pahatchi kuopa kugwa. Ine ndinkangoyang'ana dzenje lija, kuganiza zolowamo ndekha kuti ulendowu usapite pachabe.

Koma imvani! Linda anakweranso n'kuzungulira kachiwiri. Ife tili chete, Peanut anadumpha yekha. Kachitatu anadumpha ngati anabadwira pomwepo. Amayi anavula maduku n'kuyamba kuwakupiza m'mwamba, nthungululu zili wiriri, nyimbo yasanduka ya chikondwerero. Mpunga ndi nkhuku zinathera pomwepo, okwera mahatchi akunyambita zala. Linda analengeza pamaso pa onse kuti Peanut sapitanso kulikonse, ndipo mphunzitsi wa mahatchi anafunsa ngati Mayi Zulu amapezeka Loweruka lililonse, poti ali ndi hatchi ina imene ikuopa madzi.

Ndili mkati monyadira, ndinamva china chikukoka dzanja langa. Kucheuka, ndi a Walter, nkhata ija ili kukamwa, akutafuna mosatekeseka.

Mayi Zulu anawomba m'manja kamodzi. "Iye, ba Grace! Maliro nayenda yambiri, koma aka n'koyamba kuona malemu akudya maluwa yawo!"

Ndiye abale anga, musanaitanire anthu kumaliro, muzifunsa kaye kuti malemuwo ali ndi miyendo ingati.