A Paulino ndi Mchere wa Akazi Awo

Tsiku lililonse, nkhuku zikangotsika, a Paulino ankatuluka m'nyumba opanda khasu, opanda thumba, n'kuyamba kuyenda ngati awayatsira moto kumsana. Akafika pamlatho wamitengo ankaima, n'kuika zala ziwiri pamkono, milomo ikuwerenga, kenako n'kubwerera. Ku Ntengo-Wambalame kunalibe wosawadziwa. Bambowa ankasamala mtima wawo ngati dzira lomaliza m'nyumba.

Nzeruzi anakazitola ku Tete, kumene anasesapo m'chipatala zaka zitatu. Dotolo wina anawauza kuti mtima umadana ndi mchere, fodya, mafuta a nkhumba ndi kukhala pansi. Zina zonse za kumeneko anaziiwala, koma izi zinamera mizu.

Nkhondo itakula, munthu sankatuluka m'mudzi popanda kalata ya ulendo. Tsiku lina asilikali anawaimitsa pamsewu.

"Kamarada, mukupita kuti?"

"Sindikupita, mwana wanga."

"Nanga mukuchokera kuti?"

"Komwe ndikubwererako."

Mkulu wa asilikaliwo anatukula mfuti. A Paulino anangoyang'ana ndudu imene inali pakamwa pake, napukusa mutu. "Adani akuthengo akukusowa, koma uyu ukumulowetsa wekha m'chifuwa. Bweretsa mkono kuno." Dzuwa lisanatenthe, asilikali asanu anali atandanda, mikono atatambasula, aliyense kudikira kuti amve ngati mtima wake udakalipo.

Mudzi wonse unkaseka. Amene sankaseka anali akazi awo, a Lucrécia.

Masiku amenewo mchere unkaoneka kawiri pachaka. A Lucrécia anaima pamzere kukoperativa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako ndi kakapu kamodzi. Anatsinako pang'ono n'kuthira m'nyemba, mtima uli mbee kuti lero bambo adya ndiwo zenizeni. A Paulino analawa, nakankha mbale alendo akuona.

"Mai a Tina, mukufuna kundipha?"

Mawuwo anafika kuchitsime mbale zisanatsukidwe. Pajatu aliyense amadziwa kuti mwamuna akamaopa mchere wa mkazi wake, ndiye kuti akuopa mdulo, ndipo wodula mwamuna ndi mkazi woyendayenda. A Lucrécia, mayi woti sanasekererepo ngakhale wogulitsa sopo, anayamba kuona nkhani zikuzima akangotula ndowa.

"Ndi tensau, mai," ankatero a Paulino. "Magazi amathamanga."

"Tensau yanuyo izikanditungira madzi. Ine ndatopa n'kulozedwa ndi milomo."

Kenako kakapu kaja kanasowa pathandala. A Lucrécia anayamba kulumikiza nkhani. Kodi mwamuna amathamangira chiyani m'mawa uliwonse, chimanjamanja? Ndipo kumlathoko kumakhala ndani? Kunkakhala Doroteia, mkazi wamasiye wa mitengo ya mapichesi, woseka ndi mano onse.

M'mawa wina anawatsatira, akubisala m'mizere ya mbatatesi. Anawapeza ataima pakhomo pa Doroteia, atamugwira mkono, maso atatsinzina. Kakapu kaja kali pamphasa, pambali pa lichero la mapichesi.

"Ine zaka makumi awiri simunandigwirepo mkono dzuwa likuwala!"

"Wanu mtima ndimaumva ndili kumunda, mai, umagunda ngati munsi. Ndipo musakwiye, mkwiyo nawonso..."

"Mchere wanga mwapatsa uyu?"

"Ndasinthitsa ndi zipatso. Mchere ndi poizoni."

"Poizoni ndinaimira pamzere ine, adye wina? Ndipheni ineyo, mkazi wanu wa kutchalitchi!"

Apo Doroteia anasolola mkono wake. "A Paulino, ndiye kuti ine mwandibweretsera poizoni?"

Akuti tsiku limenelo anabwerera kunyumba mwaliwiro loti ngakhale agalu anawalephera.

Kuyambira pamenepo a Lucrécia sanawalolenso kupita okha. A Paulino kutsogolo, iwo pambuyo, akupuma wefuwefu, diso lili kukhomo kwa Doroteia. Patapita miyezi, miyendo yawo imene inkatupa inaphwa, phuma linatha. A Paulino anayamba kuwaonetsa kwa anthu: "Mwaona wophunzira wanga woyamba?" A Lucrécia ankafuna kuwagenda ndi chibuluma. Choipa china, mchere ukabwera unkapitabe kumlatho, iwo akuonerera, chifukwa mapichesiwo nawonso anali atawazolowera.

M'nyengo yozizira ya 1987, mfuti zitayandikira, mudzi unathawira kuphiri masiku atatu. Kunkagwa kamvula kamphepo. A Paulino anavula jekete n'kufunditsa akazi awo, akuti munthu woyenda m'mawa sazizidwa. Anatsikako ndi chifuwa, mapazi anatupa, ndipo pasanathe milungu itatu anatisiya.

Pamaliro, alongo awo a malemu anayamba kunong'ona mokweza. Chifuwa, mapazi otupa: kodi si mdulo umenewu? Kodi mwini wake sananene yekha kuti mkaziyu akufuna kumupha? A Lucrécia anakhala m'siwa atawerama, akudziwa kuti mawu amenewa akamera pamaliro, dzina lawo latha mpaka kumanda.

Amene anadzuka anali Doroteia. Anamanga chitenje, naima pakhomo.

"Amayi, mchere wa m'nyumba muno ndadya ndine, zaka zinayi, osasiyako kambewu. Bambowa akanadulidwa ndi mchere uti? Mayiwa m'mawa uliwonse anali pambuyo pa amuna awo ngati mchira. Chibwenzicho ankachipeza nthawi yanji?"

Wina kuseri anaphulika kuseka, ena n'kutsatira, misozi ili m'masaya. Alongo aja anangoyang'ana pansi, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo.

Masiku otsatira mudzi unangoti zii. Amuna ankasuta fodya pabwalo popanda wowalanda, ndipo fodyayo sankakoma. Wopha nkhumba ankacheuka asanadule mafuta, kenako n'kukumbukira. Msilikali wina anafika kudzafunsa za mdala wowerenga mitima, atamva anavula chipewa n'kubwerera osanena kanthu.

Tsiku lometa litadutsa, m'mawa mwake a Lucrécia anafunda mpango kumutu n'kupita kwa Doroteia. Anamupeza akusesa.

"Sindinabwere kudzathokoza," anatero.

"Ndikudziwa, mai."

"Ndisanayambe kuwalondola ine, ankaima pano miyezi ingati?"

"Isanu."

"Akulankhula?"

"Osapuma."

A Lucrécia anakoka mpando, nakhala. "Ndiye siya tsachelo. Undiuze zonse, kuyambira tsiku loyamba, osadumpha. Anali mawu a mwamuna wanga amenewo. Ndabwera kudzawatenga."