Makina Anga Otchetchera ndi Udzu wa Apongozi

Amene akuti Laisoni ndi wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, asamang'ung'udze kumbuyo kwa mnzake. Palibe? Chabwino. Inu a Mukhwapa, malume ake a mkazi wanga Falesi, eni mbumba ino, mwanena kuti ngati ndikufuna kubwerera m'nyumba imene munandichotsamo zaka zitatu zapitazo, ndinene zoona zake za udzu wa apongozi pamaso pa abale onse. Ndalemba papepala kuti ndisaiwale kanthu, ndipo ndikulumbira pali Ambuye amene ndinawalandira chaka chatha kuti zonsezi zinachitika. Apongozi, ndikudziwa mwakhala kuseri kwa nkhokwe monga mwa ulemu wathu. Ndikweza mawu kuti akupezeni komweko.

Tchimo langa loyamba linali kunyada. Ndinagwira ntchito ya m'maluwa kwa bwana wina ku Limbe, ndiye nditabwera kudzakhala chikamwini kuno kwa Kaduya, maso anga sankakondwa ndi bwalo losesedwa mbee ngati mutu wa dazi. Ndinadzala kapinga pakhomo, amayi onse akuseka kuti mkamwini akulimira njoka. Kapinga akakula amafuna makina otchetchera, choncho ndinabwerera ku Limbe kukasankha.

Kusankha makina si ntchito ya munthu wamba, mukumva? Pa sitolo ya katundu wakale ndinapeza atatu. Oyamba anali ofiira, a petulo, ndipo wogulitsa atawaliza ndinaona ndi maso angawa akumwa botolo lonse asanadule ndi tsamba limodzi lomwe, ndinati ayi, chidakwa tili nacho kale pamudzi. Achiwiri anali ongokankha, opanda injini, oti anthu akanati Laisoni wagula wilibala ya mano. Achitatu anali obiriwira, aang'ono, otchipa kuposa onse, ndipo ndinawayesa monga timayesera mbuzi pamsika: ndinawatembenuza n'kuwaona mano, ndinawagogoda m'nthiti, ndinawanunkhiza, ndinawakweza mchira, mchira wake chingwe chakuda chachitali. Wogulitsa anati, "Achimwene, kwanuko magetsi aliko?" Ine ndinati, "Ali m'njira." Sindinaname. Mapolo anali atazikidwa kale m'mbali mwa msewu nthawi ya kampeni, ndipo ndi omwe aja aimabe mpaka lero, opanda waya, akhwangwala akupumirapo.

Miyezi iwiri makina anakhala pakhonde. Aliyense wodutsa ankati, "Alamu, tatilizireniko timve." Ine ndinkati akupuma, ayenda ulendo wautali.

Tsono linafika tsiku lija nonse munapita ku maliro kwa Chiwalo, ine n'kutsala chifukwa cha mwendo wopweteka. Dzuwa lili pamutu, mtambo wakuda bii unatsika kuchokera ku phiri la Michesi, ndipo nzeru inandibwerera kuti magetsi a pansi akachedwa a kumwamba alipo, ndiye ndinakwera polo ndi mwendo umodzi womwewo, chingwe ndaluma kumano, ndinachimangirira pamwamba, ndipo ndisanatsike mphezi inabwera, inandipempha kuti ndisendere, inalowa m'chingwe yonse yathunthu ndi mchira womwe, makina n'kukhosomola kamodzi, kawiri, kenako analira kulira koti mbuzi zonse za kwa Kaduya zinaswa tsiku lomwelo, ndi atonde omwe. Mukumva? Ndinagwira zogwirira, koma anali makina amene ankandiyendetsa ine, miyendo ili m'malere ngati chovala pa chingwe, kapinga wa pakhomo anatha ndisanaphethire, tinadutsa bwalo la mpira la kusukulu n'kulisiya losalala moti mpira umene ana anaumenya tsiku limenelo ukugudubuzikabe, tinalowa kwa Mkhumba pamene mkulu wina ankagona pansi pa mtengo wa mango ndipo tinamumeta ndevu mbali zonse ziwiri mofanana osamudzutsa, mkazi wake pobwera n'kumuthamangitsa kuti si iyeyo, tinakwera Michesi mbali ino n'kutsikira mbali inayo, ndipo ngati mukukayika pitani mukaone miyala yoyera ili pamwamba paja, kale panali nkhalango. Chingwe chinkangotalika, chifukwa chinthu chikadya mphezi chimakula. Tinaoloka malire osaonetsa chiphaso, tinatchetcha minda iwiri ku Mozambiki, anthu a kumeneko akuthamangira pambuyo ndi mbale za kalongonda kutithokoza, ndipo pobwerera makina ankalira m'Chipwitikizi.

Ndi pobwerera pomwepo pamene anaona udzu wanu, apongozi, wa kudambo kuseri kwa nyumba, umene munaumanga mfundo kuti aliyense adziwe kuti uli ndi mwini, mukudikira kuti uume mumwete ndi zenga mufolerere denga. Ine ndinawauza kuti makina inu, mfundo izo ndi za apongozi. Koma makina a ku Limbe mfundo aidziwira kuti? Anaudula tiziduswatiziduswa, mphezi n'kuthera pomwepo, ndipo sanalirenso mpaka lero.

Izi ndi zimene ndinakuuzani tsiku lija mutabwera ku maliro, ndipo ndi zimene ndinalemba patsamba loyamba.

Nditafika apa cholembera chinaima. Ndinakumbukira dzinja lotsatira, pamene denga la apongozi linalibe udzu watsopano. Falesi anandituma kukasiya ufa m'mawa mvula ikugwa, ndipo nditasuzumira pakhomo ndinaona mayi wachikulire atakhala pa mtondo pakati pa nyumba, beseni lili pamutu, bulangete lili m'thumba la feteleza kuti lisanyowe, akutsokomola. Chifuwa chija sichinawasiye mpaka Pasaka. Ine ndinasiya ufa pakhonde n'kubwerera kukauza anthu ku gulosale za ku Mozambiki. Sabata yomweyo ndi imene munandiikira katundu panja.

Ndiye nali tsamba lachiwiri, ndi lalifupi.

Mwendo sunkandipweteka. Mphezi kunalibe, kunangochita mitambo. Polo sindinakwere, ndimaopa ngakhale makwerero a nkhokwe. Makina aja chigulireni sanalirepo, ndipo sindikudziwa ngati amalira, chifukwa ndi ku sitolo komwe sindinalole kuti awayese, ndinkaopa kuti akalira bwino mtengo ukwera. Ndinatopa n'kusekedwa. Mutangopota pa msewu, ndinatenga chikwakwa chimene ndinabisa kudenga, ndinatchetcha kapinga wanga, koma anali wochepa, woti ndi mbuzi yomwe ikanamaliza, ndipo ndinafuna malo aakulu oti anthu akaona agwire pakamwa. Mfundo zanu ndinaziona, apongozi. Ndinayamba ndi zomwezo. Nditatha ndinakankha makina uku ndi uku kuti matayala asiye mizere, n'kuwapaka mwaye wa m'poto.

Mkulu wa kwa Mkhumba uja amameta yekha. Ndikapepesanso kumeneko.

Ndalakwa, a Mukhwapa. Ndalakwa, apongozi. Falesi, iwe unadziwa tsiku lomwelo, chifukwa unaona matuza m'manja mwanga n'kundifunsa kuti kodi mphezi imaotcha mkati mwa zikhatho mokha, ndipo zaka zitatu zonsezi sunandiulule. Pangolo imene yaima pa msewu apo pali mitolo ya udzu imene ndamweta ndekha ndi zenga, wautali, wa kudambo la kwathu, ndipo luzi ndabwera nalo. Mundilole kapena mundikane, denga lija ndifolera mvula isanagwe. Makina ndamva kuti nkhuku za Falesi zimaikiramo mazira. Zisiyeni, zawapezera ntchito imene ine ndinalephera.

Koma chinthu chimodzi musandilande, chifukwa ichi chokha n'choona ndipo mboni ndinu nomwe. Dambo lonse lija, kuchokera pa chulu mpaka pa mtsinje, ndinalitchetcha ine ndekha, ndi dzanja ili, pakati pa kulowa kwa bokosi m'tchalitchi ndi kutsika kwake m'manda, losalala moti inu a Mukhwapa munagwada n'kulisisita ndi chikhatho, n'kunena kuti azungu ndi anthu oopsa. Mukukumbukira? Mzungu wake ndi uyu waima panoyu. Tsono nditsitse udzu wokha, kapena ndi chikwama changa chomwe?