Ambrose Tench, Wolawa Zonse

Kwathu kuno ku Lusby, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa ku Virginia, kunalibe chomera, chokwawa, chouluka kapena choyandama chimene a Ambrose Tench sanachiikepo m'kamwa. Anthu ena akaona chinthu chachilendo amayamba afunsa dzina lake. A Tench ankayamba aluma, dzina pambuyo. Ndipo kaya ndi chule, kaya khungwa la mtengo, kaya chikumbu chanyanga, akatafuna ankatsinzina, n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulengeza mawu omwe aja a masiku onse: "Ndendende nyama ya nkhosa ya kwathu ku Somerset."

Amene anaona nazo zakuda ndi akazi awo, mai Bridget. Iwowa anabwera pa chombo chija chinabweretsa atsikana odzakwatiwa, nthawi imene mudzi unali wa amuna okhaokha, ndipo wofuna mkazi ankalipira ulendo wake ndi fodya. Atatsika padoko, Bridget anaona mzera wa amuna owonda, achikasu ndi malungo, zipewa zili m'manja. Mmodzi yekha ndiye anali ndi masaya, komanso ankatafuna. Mtsikana wokulira m'makhitchini a eni ake ku London, wotsuka mbale zimene sanadyeremo, sanachedwe kuganiza: kwa uyu kuli chakudya. Anamuloza. Atalowa m'banja m'pamene anamva kuti tsiku lija bamboyo ankatafuna kachidutswa ka kandulo.

Ukwati usanazizire n'komwe, a Tench anabwera ndi kanyimbi m'thumba. Asanafike pachipata cha linga, agalu anali atathawa kale. Bridget anakana kumukhudza, ndiye mwini wake anasenda yekha, kuwotcha yekha, kudya yekha, misozi ili chuchuchu, uku akulimbikitsa anansi kuti mphuno imagonja yokha munthu akangopirira. Anansiwo anakagona kuchigafa cha fodya. Zovala za a Tench anazikwirira kuseri kwa linga, ndipo ena ankati zinafunika kukwiriridwa mwini wake ali momwemo.

Koma nkhani imene anthu amaikamba mpaka lero ndi ya masamba a chitsamba chaminga chimene chinkamera kudzala. Anawaphika Loweruka ngati ndiwo, ndipo pofika Lamulungu m'mawa a Tench anali atazungulira mutu, akudziyesa tambala. Lamulo la mudzi linali lakuti ng'oma ikalira aliyense alowe m'tchalitchi, wojomba amanidwe gawo lake la kunkhokwe ya mudzi. Bridget poopa zimenezo anawakokera komweko. A Tench anakana kukhala pabenchi, anakwera pamsana pake n'kunjuta, mikono atapinda ngati mapiko. Abusa a Pargiter, munthu wamtali wosadziwa kuseka, akangokweza mawu kuti atchule za moto wosatha, tambala uja ankawayankha kumbuyo. Bridget anakwirira nkhope m'chovala, akupempha pansi kuti patseguke.

Kaputeni Lusby, amene mudziwu unatengera dzina lake, analamula kuti a Tench amanidwe gawo lawo sabata yathunthu. Sabata itatha anawapeza atanenepa. Pokwiya, anawamangirira pa mtengo wokwapulira olakwa kuti aswere pamenepo, koma pobwera kudzawamasula anapeza atamaliza ndere zonse za pamtengowo, akufunsa ngati kuseri kwake kwatsalako.

Abusa ankawadzudzula kawirikawiri kuti malemba amaletsa kudya zokwawa. A Tench ankavomera mwaulemu, chipewa chili pachifuwa, kenako n'kufunsa kuti nanga Mulungu anazilengeranji zonona chonchija. Ngakhale zinali choncho, pang'ono ndi pang'ono unasanduka mwambo. Munthu akatola chachilendo kutchire ankapita nacho kwa a Tench, iwo n'kulawa, mudzi n'kumawayang'ana. Akadzuka mawa lake ali pa miyendo iwiri, anthu ankadya. Zambiri zinkangowathamangitsa kuthengo, koma zina zinalowa m'miphika yathu mpaka lero.

Tsiku lina Bridget, atatopa ndi nkhosa ya ku Somerset, anawafunsa kuti kodi nyama imeneyo imakoma bwanji kwenikweni. A Tench anakanda m'mutu. Anati iwo anakulira kubusa, kuweta nkhosa za mwini malo, koma nyama yake inkapita kunyumba yaikulu. Sanailawepo chibadwire.

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti chule amafanana nayo?"

"Sindidziwa, akazanga. N'chifukwa chake palibe chinandikhumudwitsapo."

Kenako chinafika chaka cha njala chija. Ife a ku Lusby tinali titadzala fodya paliponse, m'misewu ngakhale pabwalo la tchalitchi, poti fodya ndiye anali ndalama. Chimanga tinkati tidzagula kwa eni dziko monga mwa masiku onse. Koma eni dziko anali atatopa ndi kulandidwa minda, ndipo anaukira midzi ya obwera anzathu ya kumtunda. Pobwezera, Kaputeni anatenga amuna n'kukawotcha minda yawo ndi nkhokwe zawo, osaganiza kuti akuwotcha mbale yomwe ifenso tinkadyeramo. Chisanu chinatipeza titadzitsekera m'linga, zigafa zili tho ndi fodya, nkhokwe itauma gwa. Chombo chimene tinkachiyembekezera chinafikadi, koma chinatitulira anthu odwala, osati matumba a ufa.

Gawo la munthu linatsika mpaka kachikho ka ufa wofumbwa. Agalu anatha, amphaka anatha, makoswe anayamba kusowa. Anthu ankawiritsa malamba ndi nsapato. Ng'oma ya tchalitchi inasiya kulira, chifukwa chikopa chake chinalowa mumphika. Maliro ankachitika osaimba nyimbo, poti mpweya woimbira panalibe. Fodya a Tench anamuyesa mowiritsa, mokazinga ndi mosinja, ndipo ngakhale iwowo anavomera kuti ameneyu ndi nkhosa yodwala.

Masiku amenewo palibenso ankawaseka. Ngakhale abusa a Pargiter anafika tsiku lina pakhomo, ataweramira pandodo, n'kufunsa motsitsa mawu kuti kodi njoka amayamba kuisenda kumutu kapena kumchira. A Tench anawakumbutsa za malemba aja. Abusa anayankha kuti awerenganso bwino, ndipo apeza kuti chakutsogolo kwake lamulolo linafewetsedwa.

Bridget anali ndi pakati. Nthawi ya chakudya ikakwana, a Tench ankakankhira mbale yawo kwa iye, n'kusisita mimba, amvekere akhuta kale, apeza tinthu tonona kuseri kwa linga toti sangamugawire munthu woyembekezera. Bridget ankadziwa kuti ndi bodza. Kuseri kwa linga kunalibe kanthu koma nthaka youma gwa ndi chisanu, ndipo masaya aja anawasankhira anali atalowa m'kati. Ankafuna kukankha mbaleyo kuti ibwerere, koma dzanja silinkamvera. Ankadya atayang'ana kukhoma, ndipo akamaliza ankadana ndi mwamuna wakeyo, ndi mwana wa m'mimbayo, ndi iye mwini.

Chisanu chitayamba kusungunuka, Kaputeni anatuma amuna amene anali akuyendabe kuti apite kudambo ndi mfuti ndi makasu. Anabwerako chakumasana akuseka ngati ana, madengu atadzaza mizu yoyera, yonenepa, yonunkhira ngati karoti. Aliyense analumbira kuti ndi yomwe ija tinkalima m'madimba ku Mangalande. Anaitsuka, n'kuiika mumphika waukulu pabwalo la nkhokwe, ndipo mudzi wonse unasonkhana ndi mbale, ena akukwawa, ena atanyamulidwa.

Itapsa, a Tench anaima pamphikapo ndi chipande, n'kunena kuti mwambo ndi womwe uja: alawe iwo, ena adikire. Anthu anang'ung'udza. Kaputeni anati lero palibe zodikira. Mai Orrell, amene anali ataika m'manda ana awo onse kupatula mmodzi amene anali naye m'manja, anawatukwana kuti ndi mbala, akufuna adye kawiri. Koma a Tench sanasunthe. Anali atawonda ngati mpini, komabe chipande chinali chachitali, ndipo amene anayesa kutambasula dzanja anachilawa pazala.

Bridget anawakoka malaya.

"Amunanga, lero ayi. M'mimba mwanumo mulibe kanthu, simupirira."

"Ndiye alawe ndani? Abusa?"

"Tidye tonse pamodzi. Ngati ndi imfa itipeze tonse. Ndatopa kukuyang'anani."

"Inu muli awiri, akazanga. Ine ndili ndekha. Khalani pansi."

Anagwirizana kuti sadikira mpaka mawa, koma mpaka mthunzi wa tchalitchi ufike pakhomo la nkhokwe. A Tench anatapa, n'kuuzira, n'kutafuna anthu onse akumeza malovu. Anati ndi yotsekemera, yofewa, sanadyepo yotere, ndipo anatapanso kachiwiri ati pofuna kutsimikiza. Apo Kaputeni anagwira lupanga. Wina anawaponyera chibuma. Iwo anakhala pafupi ndi mphika, miyendo atatambasula, n'kuyamba kufotokoza mmene mizu yotere ankaidyera mabwana ndi batala, ndipo anthu ankawapempha kuti atseke pakamwa. Mthunzi unkayenda ngati nawonso uli ndi njala.

Bridget ndiye anayamba kuona. Dovu linkatsika pa ndevu za mwamuna wake, ndipo iye sankalipukuta. Nkhani ya batala inathera pakati. Chipande chinagwa. A Tench anamuyang'ana ndi maso otuluka, kenako anayang'ana anthu amene anali atayamba kusendera pafupi poona kuti mlonda wafooka. Anadzikoka ndi zigongono, n'kuponda mphika uja ndi miyendo yonse iwiri. Unagudubuzika, mizu yonse n'kumwazikira m'matope.

Kulira kumene kunamveka pamenepo sikunamvekepo pamaliro alionse a chaka chimenecho. Anthu anagwa pansi kulimbirana mizu m'matopemo. Mai Orrell anali atatola kale umodzi, akuupukuta kuti ampatse mwana, pamene a Tench anayamba kuphupha. Msana unapindika ngati uta, mano akukukutika, zidendene zikumenya pansi. Mai Orrell anayang'ana muzu uli m'dzanja lawo, n'kuutaya kutali. Enanso anatsegula manja mmodzimmodzi.

Bridget anaika mutu wa mwamuna wake pamiyendo pake. Abusa anagwada pambali n'kuyamba pemphero. Kuphupha kutaleka pang'ono, a Tench anatsegula maso, n'kumuzindikira mkazi wawo.

"Imeneyi ayi, akazanga," anatero movutikira. Anapuma, kenako anawonjezera: "Koma ikanakhala ndi mchere…"

Kunabweranso kuphupha kwina, ndipo sanalankhulenso. Anamwalira dzuwa lisanalowe.

Manda awo anali osaya, poti okumba ankagwa ndi chizungulire. Kaputeni anagwira nawo khasu, chinthu chimene palibe anachionapo. Abusa a Pargiter anayesa kulalikira, n'kungonena kuti munthuyu anali wovuta kumuweta, kenako analephera kupitiriza. Anthu anamwalirabe ambiri masabata otsatirawo, mpaka nsomba zinayamba kukwera mtsinje, ndipo otsalafe tinadya. Chaka chotsatira aliyense anadzala chimanga asanakhudze mbewu ya fodya.

Lero ku Lusby kuli chakudya. Kuli nkhumba, kuli ng'oma yatsopano, ndipo mapemphero amayamba n'kutha popanda chosokoneza. Alendo obwera ndi zombo tikawasimbira za kanyimbi ndi za tambala amaseka mpaka kugwira m'mimba, ifenso n'kuseka nawo. Koma mudzi unazizira. Anthu amadyera m'nyumba zawo, zitseko zili zotseka, ndipo palibenso amene amatuluka kudzaona kuti mnansi wabwera ndi chiyani m'thumba.

Bridget anabereka mwana wamkazi, wamoyo. Kuno mkazi wamasiye sakhalitsa, ndiye mwezi usanathe amuna anali atayamba kale kuzungulira pakhomo, zipewa zili m'manja. Anakwatiwa ndi mmisiri wa matabwa, a Gilbert Rudd, munthu wabwino, wolimbikira ntchito, wosamwa, wosamenya. Amadya chimene wapatsidwa, n'kupukuta pakamwa, n'kubwerera ku matabwa ake. Tsiku lina Bridget anapsereza phala dala, mpaka linada n'kumanunkha utsi, n'kuwaikira patsogolo. Anakhala moyang'anana nawo, manja ali pachibwano, kudikira kuti amve chimene anene. A Rudd anadya lonse, anathokoza, n'kutuluka. Bridget anatsala pomwepo nthawi yaitali, akuyang'ana mbale yopanda kanthu, mpaka mwana analira kuchipinda.